Madzi satsuka utomoni wa fodya: yankho pa za polar ndi non-polar

Funso lafika kuchokera kwa mtsikana wa Fomu 3 wa ku Chamama, kuno ku Kasungu. Akuti: "Aphunzitsi, m'kalasi tinalemba kuti bond ya kaboni ndi okosijeni ndi polar. Tsiku lomwelo tinalembanso kuti carbon dioxide ndi non-polar, chonsecho muli ma bond omwewo. Zonsezi zikhala zoona bwanji? Ndikungoloweza koma sizikulowa. Chinanso, bambo akachokera kothyola fodya manja amakhala akuda ndi omata, ndipo madzi okha amalephera kutsuka. Kodi n'zogwirizana?"

Mwana wanga, n'zogwirizana kwambiri, ndipo funso lako lachiwirilo ndi limene landikondweretsa, chifukwa likuonetsa kuti maso ako sathera m'kope. Akulu anati safunsa anadya phula. Phula limenelo tikumana nalo kutsogoloku, nalonso lili m'nkhani yathu. Ndaphunzitsa chemistry zaka zambiri m'boma lino, ndipo pamutu umenewu ndi pamene ana ambiri anzeru amasiya kumva n'kuyamba kuloweza. Zimandiwawa, chifukwa mutuwu suvuta munthu akaugwira kumuzu. Tiye tipite pang'onopang'ono.

Ukudziwa kale kuti mu covalent bond maatomu awiri amagawana maelekitironi. Mawu akuti kugawana ndi amene amasokeretsa, chifukwa munthu akawamva amaganiza kuti theka kwa uyu, theka kwa uyo. Kumbukira usiku wa mu June, chisanu chitalusa, ana awiri afunda bulangeti limodzi pamphasa. Akakhala mapasa ofanana mphamvu, bulangeti limakhala pakati mpaka kucha. Koma akakhala mkulu ndi mng'ono wake, pofika mbandakucha mkulu uja walikokera kwake, wamng'ono wangotsala ndi kansonga, miyendo ili pambalambanda. Bulangeti likadali la onse awiri, palibe amene walandidwa, koma kufunda kwapendekera mbali imodzi.

Maelekitironi ndiwo bulangetilo. Mu H₂, O₂, N₂ kapena Cl₂ maatomu ake ndi mapasa, ndiye maelekitironi amakhala pakati penipeni. Imeneyo ndi non-polar bond. Mu HCl zinthu zasintha: chlorine imakoka kuposa haidirojeni, maelekitironi amathera nthawi yambiri mbali yake. Popeza elekitironi ili ndi chaji ya negative, mbali ya chlorine imakhala negative pang'ono, timalemba δ−, ndipo haidirojeni imatsala positive pang'ono, δ+. Kachizindikiro kameneka, amati delta, kakungonena kuti "pang'ono chabe", si chaji yathunthu ngati ya Na⁺ kapena Cl⁻. Bond yopendekera chonchi ndiyo polar. Ndipo mphamvu ya atomu yokokera kwa iyo maelekitironi a mu bond ndiyo electronegativity. Liwulo n'lalitali koma nkhani yake ndi yomweyo: ndani amakoka bulangeti kwambiri.

Nanga mkulu uja akakhala wamphamvu zedi? Amatenga bulangeti lonse, mng'ono wake n'kugona osafunda. Ndi zimene zimachitika mu mchere wa pa ndiwo. Chlorine imalanda elekitironi ya sodium, pamatsala Na⁺ ndi Cl⁻, ndiye ionic bond imeneyo. Waona kuti non-polar, polar ndi ionic si mafuko atatu osadziwana. Ndi msewu umodzi, kungoti wina waima koyambirira, wina pakati, wina kothera.

Tsono n'chifukwa chiyani atomu ina imakoka kuposa inzake? Ganiza za kuwotha moto madzulo. Kutentha kumene ukumva kumadalira zinthu zitatu: kukula kwa motowo, kutalika kwa pamene wakhala, ndi anthu amene akutchinga kutsogolo kwako. Mu atomu, motowo ndi nucleus, ndipo nkhuni zake ndi ma proton. Ukayenda pa periodic table kuchokera kumanzere kupita kumanja mumzere umodzi, ma proton amachuluka koma ma shell, mizere yozungulira nucleus imene maelekitironi amakhalamo, sawonjezereka. Sodium ili ndi ma proton 11, chlorine 17, zonse zili ndi ma shell atatu. Moto wakula, malo okhala ndi omwewo, ndiye chlorine imakoka kwambiri. Ukatsika mu group imodzi, ma shell amawonjezereka, maelekitironi a mu bond amakhala kutali, ndipo a m'kati amawatchinga. Ona ichi: iodine ili ndi ma proton 53, fluorine 9 okha, koma fluorine ndi imene imakoka kuposa atomu ina iliyonse. Iodine ndi chimoto chachikulu chimene wakhala nacho kutali, kumbuyo kwa mizere inayi ya anthu. Fluorine ndi kamoto kakang'ono kamene kali pamaondo pako.

Amene anaika manambala pa zimenezi ndi Linus Pauling wa ku America, mu 1932, yemwe pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel ya chemistry mu 1954. Sanangowalota manambalawo. Anaona kuti bond ya maatomu osiyana imakhala yolimba kuposa mmene munthu angayembekezere. Kuti udule bond ya H–H pamafunika mphamvu pafupifupi 436 kJ pa mole, ya Cl–Cl pafupifupi 243. Ukatenga pakati pa ziwirizi upeza pafupifupi 340. Koma bond ya H–Cl imafuna zoposa 430. Kulimba kowonjezerako kukuchokera kuti? Kukuchokera ku δ+ ndi δ− zija, zimene zikukokananso pamwamba pa kugawana. Pauling anatenga kusiyana kumeneko n'kupangira sikelo yake. Pa sikelo imeneyo fluorine ili pa 3.98, okosijeni 3.44, chlorine 3.16, nayitirojeni 3.04, sulphur 2.58, kaboni 2.55, haidirojeni 2.20, sodium 0.93, potassium 0.82. Mabuku ambiri a ku sekondale amalemba manambala akale a Pauling, monga fluorine 4.0, okosijeni 3.5, nayitirojeni 3.0, kaboni 2.5, haidirojeni 2.1, usadabwe nazo. Manambalawa alibe unit, ntchito yake ndi kuyerekeza basi.

Ukachotsera nambala ina ku inzake umadziwa kupendekera kwa bond. C–H ndi 0.35, kupendekera kochepa kwambiri moti timangoitenga ngati non-polar. N–H ndi 0.84, C=O ndi 0.89, H–Cl ndi 0.96, O–H ndi 1.24, ndipo sodium ndi chlorine akusiyana ndi 2.23. Mwina munalemba kuti pansi pa 0.5 ndi non-polar, kuyambira 0.5 mpaka 1.7 ndi polar, kupitirira 1.7 ndi ionic. Zisunge, zikuthandiza pamayeso. Koma ine ndimawauza ana anga kuti malire amenewa ali ngati zikwangwani za pamsewu wa M1. Chikwangwani chikati wafika ku Kasungu sikuti dothi lasintha mtundu pomwepo. Hydrogen fluoride ili ndi kusiyana kwa 1.78, kupitirira malire aja, koma si mchere ayi, ndi molecule, kagulu ka maatomu ogwirana ndi covalent bond, ndipo imawira pa 19.5°C. Mabuku ena amaika malirewo pa 0.4 ndi 2.0. Sakukangana, akungoika chikwangwani malo osiyana pamsewu womwewo.

Mongodutsa, usasokoneze electronegativity ndi electron affinity. Yachiwiriyo ndi mphamvu imene imatuluka atomu ili yokha ikalandira elekitironi, ndipo pamenepo chlorine imaposa fluorine. Electronegativity ndi ya atomu imene ili kale mu bond.

Tsopano tafika pa funso lako lenileni. Aphunzitsi ako sanalakwitse, zonse ziwiri n'zoona. Chimene chinasowa pakati ndi ichi: bond kukhala polar ndi nkhani ina, molecule yonse kukhala polar ndi nkhani inanso. Yoyamba imadalira electronegativity. Yachiwiri imadaliranso kaimidwe ka molecule.

Tenga chipika, umangirire zingwe ziwiri. Ng'ombe ina ikoke cholowera kum'mawa, ina kumadzulo, zofanana mphamvu. Zingwe zonse zakungika, ng'ombe zili wefuwefu, koma chipika chili phee, sichisuntha. Kukoka kulipo, ndipo n'kwamphamvu, kungoti kukuthetsana. Imeneyo ndi carbon dioxide. Kaboni ili pakati, okosijeni uku, okosijeni uko, zonse mumzere wowongoka wa madigiri 180. Okosijeni iliyonse ikukoka maelekitironi, bond iliyonse ndi polar ndithu, koma molecule yonse ilibe mutu wa negative ndi mchira wa positive. Mbali zonse ziwiri n'zofanana.

Tsono bweretsa ng'ombe zija mbali imodzi, zingwe zipange phanda ngati la legeni. Chipika chiyamba kuyenda. Amenewo ndi madzi. H₂O siwowongoka, ndi wopindika, ndipo pakati pa ma bond awiriwo pali madigiri 104.5. Kukoka konse kukulowera kwa okosijeni, sikukuthetsana koma kukuphatikizana. Ndiye mbali ya okosijeni ndi δ−, mbali ya mahaidirojeni ndi δ+, molecule yonse ndi polar.

Mwana wofunsa ngati iwe afunsanso kuti, bwanji madzi apindike pamene carbon dioxide yawongoka? Werenga maelekitironi a pa atomu ya pakati. Kaboni ili ndi anayi mu shell yakunja, ndipo onse alowa m'ma double bond awiri, palibe wotsala. Magulu awiriwo amakankhana, ndipo kutali kwambiri kumene angathawirane ndi mbali iyi ndi iyo. Okosijeni ya m'madzi ili ndi asanu ndi mmodzi. Awiri alowa m'ma bond, anayi atsala, awiriawiri, amene timati ma lone pair. Pa chithunzi cha m'buku nthawi zina sawajambula n'komwe, koma alipo, akudya malo, ndipo ndi amene amakankhira mahaidirojeni mbali imodzi. Ana ambiri amalephera funso ili chifukwa choiwala zinthu zimene sizinajambulidwe.

Ukagwira zimenezi zina zonse zimangotsatira. Methane, CH₄, ndi carbon tetrachloride, CCl₄, zili ndi maatomu anayi ofanana ozungulira kaboni mofanana mbali zonse, ndiye ndi non-polar, ngakhale bond ya C–Cl payokha ndi polar. Chotsapo chlorine imodzi uikepo haidirojeni, CHCl₃, ng'ombe imodzi yafooka, molecule yakhala polar. Ammonia, NH₃, ili ndi lone pair imodzi pa nayitirojeni, ndiye imaima ngati mafuwa atatu ndi mphika pamwamba, ndipo ndi polar. Pa mayeso a MSCE dzifunse mafunso awiri motsatana: kodi ma bond ndi opendekera? Ngati inde, kodi kupendekerako kukuthetsana? Usayankhe usanajambule, ndipo pojambula usasiye ma lone pair.

Ndiwonjezere kamodzi kamene mabuku amakonda kulumpha. Carbon dioxide kukhala non-polar sikufufuta δ+ ya pa kaboni. Ikadalipo, zingwe zija zikadali zokungika. N'chifukwa chake mpweyawu ukalowa m'madzi, pang'ono pake umagwirana ndi madziwo n'kupanga carbonic acid, imene imathandiza kupereka kakuluma kaja ukamamwa chakumwa cha gasi.

Mwina ukuti, zonsezi tikuzidziwa bwanji poti palibe anaona molecule ndi maso? Umboni uli mu ndowa ya pakhomo panu. Molecule ya carbon dioxide imalemera 44, ya madzi 18 yokha. Mwa nzeru wamba chopepuka ndicho chikanakhala mpweya. Koma carbon dioxide ndi mpweya mpaka utaizizira kufika −78°C, pamene madzi amafuna 100°C kuti awire, kuno kumtunda kwathu pang'ono pansi pa pamenepo. Yerekezanso ndi hydrogen sulphide, H₂S, mpweya wonunkha mazira owola. Sulphur ili pansi penipeni pa okosijeni mu group imodzi, molecule yake nayonso ndi yopindika, ndipo imalemera 34. Koma imawira pa −60°C, chifukwa sulphur ndi haidirojeni akusiyana ndi 0.38 yokha. M'madzi kusiyanako ndi 1.24, ndiye haidirojeni ya molecule iyi imakakamira lone pair ya okosijeni ya molecule inzake, iyonso n'kugwira ina, mpaka ndowa yonse yagwirana manja. Kugwirana kumeneku ndiko hydrogen bonding, ndipo kumakhala kwamphamvu haidirojeni ikamangika ku fluorine, okosijeni kapena nayitirojeni. Pakanapanda kukoka kwa okosijeni, mtsinje wa Bua sukanakhalapo, madambo athu akanakhala gwaa, ndipo ngakhale magazi a m'thupi mwako sakanakhala amadzi. Ine pamenepa ndimaima kaye m'kalasi, chifukwa ndi chinthu chachikulu chimene chapachikika pa kusiyana kwa manambala awiri.

Tiyeni tsopano ku manja a bambo ako.

Ndikamaphunzitsa mutuwu ndimalowa m'kalasi ndi mabotolo awiri oyera, lina la madzi a pa mjigo, lina la parafini. Ndimathira supuni ya mchere m'botolo lililonse, kutseka, n'kupatsa ana awiri akhutchumule. Wa madzi akamaliza, mchere wazimirira. Wa parafini amakhutchumula mpaka mkono kutopa, akaika patebulo mchere uja umatsika n'kukhala pansi ngati mchenga, njere iliyonse ikuoneka. Kenako ndimapala kandulo ndi lezala, tizidutswa topyapyala, n'kuponyamo. M'madzi timangoyandama, mawa lake utipeza tili chomwecho. Mu parafini timasungunuka pang'onopang'ono. Ukafuna kuyesa kunyumba, uchitire panja, kutali ndi moto, ndipo botolo la parafinilo lisasiyidwe pofikira ana.

Chachitika n'chiyani? Mchere ukalowa m'madzi, ma molecule a madzi amauzinga. Mbali zawo za δ− zimatembenukira kwa Na⁺, za δ+ kwa Cl⁻, n'kumazula maatomu a chajiwa, amene timati ma ion, imodziimodzi, ngati nyerere pa chigwa cha nsima. Madzi okwana mamililita 100 amatha kumeza mchere pafupifupi magalamu 36. Parafini ndi kaboni ndi haidirojeni basi, 0.35 ija, alibe δ+ kapena δ− yoti n'kuzulira kanthu. Shuga si ionic, koma molecule yake ili ndi magulu a O–H asanu ndi atatu, madzi amapeza pogwira paliponse, n'chifukwa chake mamililita 100 omwewo amameza shuga pafupifupi magalamu 200. Feteleza wobereketsa, urea, CO(NH₂)₂, amene ali ndi nayitirojeni 46 pa 100, ndi C=O pakati ndi ma N–H anayi m'mbali. Ndiye chifukwa chake akangogwa pa dothi lonyowa wasungunuka, ndipo thumba lake likasiyidwa lotsekula m'nyengo ya dzinja limakoka chinyezi n'kuumbika mibulu.

Mafuta ophikira a mtedza kapena a mpendadzuwa ali ndi okosijeni pang'ono, koma gawo lalikulu la molecule ndi michira itatu yaitali ya kaboni ndi haidirojeni, wambiri wa makaboni 16 kapena 18. Michirayo ndi imene imalamula. Phula la njuchi lija nalonso ndi michira yaitali yomweyo, n'chifukwa chake safunsa uja analitafuna osasungunuka m'kamwa. Ena amati madzi ndi mafuta zimadana. Sikudana kwenikweni. Madzi agwirana okhaokha mwamphamvu, ndipo mafuta alibe dzanja loti alowe nalo m'gulumo, ndiye amangokankhidwira kunja.

Tsamba la fodya lili ndi timaubweya tating'ono timene timatulutsa utomoni, ndipo lakutidwa ndi phula lakelake. Zambiri mwa zimenezi ndi ma molecule akuluakulu odzala kaboni ndi haidirojeni. Bambo akamathyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, utomoniwo umamata m'manja n'kutola fumbi, ndiko kuda kuja. Madzi akafika amangodutsa pamwamba, alibe pogwira. Sopo ndi amene amalumikiza mbali ziwirizi, chifukwa molecule yake ili ndi nkhope ziwiri: mchira wautali wa kaboni ndi haidirojeni, wa makaboni pakati pa 12 ndi 18, ndi mutu wokhala ndi chaji ya negative. Mchira umamira mu utomoni, mutu umatsalira m'madzi. Ma molecule ambiri akazinga kadontho ka utomoni, michira m'kati, mitu kunja, madzi amakanyamula konse n'kupita nako. Utomoni ukakhala wouma kwambiri, ayambe apaka timafuta tophikira pang'ono, afikise bwino, kenako asambe ndi sopo ndi madzi ofunda. Ndikudziwa kuti ena amagwiritsa parafini kapena petulo, ndipo zimachotsadi, koma zimachotsanso mafuta achibadwa a khungu, manja n'kuyamba kung'aluka, osanena za ngozi ya moto. Uwaletse.

Pali chinthu china pa tsamba lomwelo chimene ndikufuna ukawauze bambo lero, chifukwa ndi choopsa kuposa kuda kwa manja. Chikonga, chimene m'buku amati nicotine, C₁₀H₁₄N₂, chili ndi maatomu awiri a nayitirojeni pakati pa makaboni ambiri. Nayitirojeniyo imachipatsa pogwirana ndi madzi, makaboniwo amachipatsa polowera m'mafuta. Ndiye chimasungunuka m'mame ndi m'madzi a mvula a pa tsamba, ndipo chikafika pakhungu chimadutsa mafuta a khungulo n'kulowa m'magazi. Munthu wothyola fodya wonyowa amatha kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza, ngakhale sanasutepo chibadwire. Madokotala amati green tobacco sickness. Ambiri amangoti ndi dzuwa kapena malungo. Bambo azidikira mame aume asanalowe m'munda, azivala malaya a manja aatali ndi magolovesi osalowa madzi, zovala zikanyowa azisinthe msanga, ndipo akaweruka asambe ndi sopo asanagwire nsima. Akayamba kusanza kapena kuona chizungulire atuluke m'mundamo, ndipo zikapitirira apite kuchipatala akanene kuti amagwira fodya wonyowa. Iwe ndi azing'ono ako musamathandize ntchito yothyolayo, matupi anu ndi aang'ono ndipo chikonga chomwecho chimakupwetekani msanga kuposa akuluakulu.